Ndayamba vape koma ndudu sindinazisiyiretu, ndipitirize?

Admin, chonde ndibiseni dzina.

Abale anga, ndine bambo wa zaka 41, ndimayendetsa lole pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Fodya ndinayamba ndili ku sekondale, ndipo chaka chatha ndinkamaliza paketi ya ndudu 20 patsiku, makamaka maulendo a usiku. Mwana wanga wamng'ono ali ndi mphumu. Tsiku lomwe adokotala anandifunsa ngati panyumba pali wosuta, ndinasowa poyang'ana.

Mlongo wanga amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds. Atabwera kutchuthi anandibweretsera vape, ija ena amati fodya wamagetsi, pamodzi ndi timabotolo ta madzi ake. Papita masabata atatu. Ndudu zatsika kufika pa zinayi patsiku, koma ya m'mawa ndi ya pambuyo pa nsima zandikanika.

Anzanga osuta agawanika. Madalaivala achinyamata tikaima pa Zalewa amandibwereka kuti alawe, chowakopa n'choti sinunkhitsa malaya. Achikulire amati fodya wopanda moto ndi chidole. Bambo anga, omwe alima fodya ku Kasungu moyo wawo wonse ndipo amasuta chingambwe, anachitembenuza m'manja n'kunena kuti tsamba amalidziwa kuyambira ku nazale, koma madzi a m'botolo sakudziwa kuti athiramo chiyani. Mawu amenewo andikhala pamtima.

Ndithandizeni. Kuphatikiza ziwirizi kuli ndi phindu? Nthunzi yake ingamupweteke mwana? Nanga madziwa akatha nditani?

Namwino, ndili ku Manchester: Achimwene, mwachita bwino kufunsa. Chimene chimapha anthu ambiri mu ndudu ndi utsi wa tsamba loyaka, womwe uli ndi phula ndi mpweya wa carbon monoxide. Vape siwotcha tsamba, imangotenthetsa madzi okhala ndi nikotini (mankhwala a mu fodya obweretsa chibaba), glycerine, propylene glycol ndi zonunkhiritsa. N'chifukwa chake mu 2015 a Public Health England, bungwe la boma loona zaumoyo ku England panthawiyo, ananena kuti kuopsa kwake n'kochepa ndi pafupifupi 95 peresenti poyerekeza ndi ndudu, ngakhale akatswiri ena anatsutsa nambala imeneyo, ndipo a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, mpaka pano amachenjeza za vape. Koma mvetsetsani apa: ndudu zinayizo si zochepa kwa mtima wanu. Phindu lenileni limabwera mukasiyiratu ndudu. Onani pa botolo kuti nikotini ndi wochuluka bwanji. Kuno ku UK malire ndi 20mg pa mililita, ndipo munthu wa paketi patsiku akayamba ndi wochepa kwambiri chibaba sichitha, n'kubwerera ku ndudu.

Mayi wa ana atatu, Area 25: Ine zimenezi sindizikonda ngakhale pang'ono. Mwana wa mchemwali wanga sanagwirepo ndudu, koma anayamba vape ya fungo la mango ali Fomu 3, lero akaisowa amangokalipira aliyense. Inu bambo mukufuna kusiya, chabwino, koma lekani kubwereketsa anyamatawo. Mwina pakati pawo pali osasuta omwe mukuwayambitsa. Ndipo m'nyumba muli mwana wa mphumu musamapumiremo chilichonse, kaya utsi kaya nthunzi. Timabotoloto tsekerani pamwamba, mwana akamwa ndi poizoni.

Mkulu wina wa ku Mzuzu: Ndasuta zaka 30 ndipo sindikukhulupirira. Ku India analetsa mu 2019. Chikanakhala chabwino akanaletseranji? Chaka chomwecho tinamva kuti ku America achinyamata akugonekedwa ndi mapapo owonongeka.

Namwino: Akulu, za ku America zija zinachitikadi, koma anapeza kuti ambiri mwa odwalawo ankakoka madzi osakaniza ndi chamba ogulidwa mobisa, momwe anathiramo vitamin E acetate. Apa ndiye pali nkhawa yanga pa funso lachitatu. Achimwene, madzi opanda chizindikiro cha kampani ndi mndandanda wa zomwe zilimo musagule, ngakhale atchipe bwanji.

Wosiya fodya, Johannesburg: Ine ndinaphatikiza ziwirizi miyezi isanu, palibe chinasintha. Nditasankha tsiku n'kutaya paketi ndi machesi omwe, chifuwa cha m'mawa chinayamba kuchepa. Pano vape ndikuichepetsanso, ndipo sindikunamizeni, nayo imavuta kusiya. Funsaninso ku famase za chingamu kapena zomata pakhungu za nikotini, kuti madzi akatha musathamangire ku okala.

Wofunsa: Zikomo nonse. Mayi a ku Area 25, ndamva, sindibwereketsanso ndipo ndizikokera panja. Ndayang'ana botolo, alemba 6mg. Anamwino, kodi n'chifukwa chake ya m'mawa ikundikanika? Mlongo wanga akutumiza katundu mwezi wamawa, ndimuuze andigulire ya mphamvu yanji?