Logo ikuyendayenda pa zithunzi za ukwati, tithandizeni

Wa ku Kawale: Mwadzuka bwanji akuluakulu? Ndili ndi zithunzi zoposa 600 za ukwati wa Loweruka lapitali, kuyambira ku tchalitchi, ku Botanic, mpaka perekaniperekani ku holo. Ndikufuna chilichonse chikhale ndi boda yoyera komanso logo yanga pansi kudzanja lamanja. Ndapanga action mu Photoshop, masitepe osungidwa omwe pulogalamuyo imabwereza yokha pa chithunzi chilichonse. Pa zithunzi zogona ikukhala bwinobwino, koma pa zoimirira logo ikudukira kunja, pena ikukhala pa diresi ya mkwatibwi. Pa zina ikutuluka yaikulu zedi. A komiti akufuna zithunzi mawa. Ndikati ndiziika chimodzichimodzi ndiye kuti lero sindigona.

Madala a ku Area 25: Tisanapite patali amwene, makamera anali angati?

Wa ku Kawale: Ine Canon 700D, mnyamata wondithandiza Nikon D3300. Za ku saluni m'mawa anajambula ndi foni n'kunditumizira pa WhatsApp.

Madala a ku Area 25: Basi nkhani ndi imeneyo. Canon yanuyo imatulutsa mapikiseli 5184 ndi 3456, Nikon 6000 ndi 4000, pomwe za pa WhatsApp zimabwera zitafinyidwa kale, mbali yaitali imangotsala pafupifupi 1600. Ndiye logo imodzimodziyo pa Nikon izioneka kachinthu kakang'ono, pa za foni izidzaza theka la chithunzi. Zili ngati kusokera kalasi yonse yunifolomu ya saizi imodzi.

Chitani chonchi. Sitepe yoyamba mu action ikhale File > Automate > Fit Image, mulembe 2048 m'mabokosi onse awiri. Chogona kaya choimirira, mbali yaitali izikhala 2048. Kenako Canvas Size, muchonge Relative, mulembe 80 pa width ndi 80 pa height, mtundu White. Imeneyo ndi boda ya mapikiseli 40 mbali iliyonse.

Tsono pa logo ndi pomwe ambiri amagwera. Mukaikoka ndi mausi, Photoshop imangosunga kuti mwaisuntha mapikiseli angati, siidziwa kuti mumafuna pakona. Mukaika ndi Place Embedded musaikoke. Dinani Select All, mupite pa Layer > Align Layers to Selection, musankhe Bottom Edges kenako Right Edges. Ikafika pakona muikankhire mkati pang'ono ndi Shift ndi mabatani a mivi. Kona ya pansi kumanja ilipo pa chithunzi chilichonse, ndiye siingasocherenso.

Asisi a ku Area 47: Madala afotokoza bwino, koma ine zimenezi ndinasiya kalekale kuchita mu Photoshop. Ngati munaedita mu Lightroom, pa Export pomwepo pali Watermark. Musankhe Graphic, muike logo, saizi ikhale Proportional, musankhe kona pa Anchor, Inset muike pang'ono. Mukasunga ngati preset basi mwathana nazo mpaka kale, imadziyeza yokha malinga ndi kukula kwa chithunzi. Vuto lake n'lakuti Export ya Lightroom ilibe boda. Boda mumaipeza ku Print module posankha JPEG File, koma kumeneko zoimirira ndi zogona zimafuna kuzisiyanitsa. Achimwene, bodayo ndi yofunikadi? Ine makasitomala anga sanayambe aifunsapo.

Wa ku Kawale: Mayi a mkwatibwi ndi omwe aifuna asisi, akuti zikhale ngati zithunzi za kale za mu alubamu yawo. Nanga ndikanawakanira bwanji?

Asisi a ku Area 47: Ayi amenewo sitiwakanira. Chinanso, logo yanu ili mu fayilo yanji? Ikakhala JPG izibwera ndi kabokosi koyera kumbuyo. Isungeni ngati PNG yopanda chakumbuyo. Ndipo mukhale ndi ziwiri, yoyera ndi yakuda. Logo yoyera pa diresi ya mkwatibwi imasowa, yakuda pa masuti a operekeza chimodzimodzi.

Mnyamata wa makompyuta, Area 18: Pepani akuluakulu ndilowerereko. Laputopu ikakhala yofooka, Photoshop kutsegula zithunzi 600 chimodzichimodzi ndi nkhondo, magetsi akangozima pakati batire silifika kumapeto. Pali ImageMagick, pulogalamu yomwe mumaiyendetsa polemba malamulo pa sikirini yakuda, ndi yaulere ngakhale pa bizinesi. Mupange foda yotchedwa zotha mkati mwa foda ya zithunzi, muike logo.png mu foda ya zithunziyo, kenako mulembe mzere umodzi uwu:

magick mogrify -path zotha -auto-orient -resize 2048x2048 -bordercolor white -border 40 -gravity southeast -draw "image over 70,70 0,0 'logo.png'" *.jpg

Musaiwale -path zotha. Mukaisiya, mogrify imalemba pamwamba pa zithunzi zenizenizo ndipo palibe kubweza.

Madala a ku Area 25: Mwana iwe ukufuna kutipha ndi masamu. Ife tinayambira pa filimu, sikirini yakuda ija timaiopa.

Mnyamata wa makompyuta, Area 18: Hahaha madala, ndi kukopa n'kumata basi. Koma mawu akuti -auto-orient aja ali ndi ntchito ngakhale kwa amene sagwiritsa ImageMagick. Makamera ambiri mukajambula choimirira amasungabe chithunzicho chogona, amangolembapo kachizindikiro mu EXIF, uthenga womwe kamera imasunga mkati mwa fayilo, kouza pulogalamu kuti itembenuze poonetsa. Pulogalamu ikapanda kuwerenga kachizindikiroko, logo imaikidwa chithunzi chidakali chogona, mapeto ake imatuluka chammbali komanso pakona ina. Photoshop ndi Lightroom zimawerenga zokha. Amene mumagwiritsa IrfanView, dinani B kuti mutsegule Batch yokonzera zithunzi zambiri nthawi imodzi, mu Advanced muli watermark ndi canvas size, pomwe pochonga kuti itembenuze malinga ndi EXIF pali mu Properties/Settings. FastStone Photo Resizer nayo ili ndi Watermark ndi Border. Kungoti ziwirizi ulere wake ndi wa pakhomo, pa bizinesi eni ake amati mugule laisensi.

Wochapa zithunzi ku Old Town: Ndakhala ndikungowerenga. Bwana a ku Kawale, zithunzizi n'zapafoni pokha kapena muzichapanso?

Wa ku Kawale: Zina tichapa, 4x6 za alubamu ya mayi aja.

Wochapa zithunzi ku Old Town: Ndiye za 2048 zija musabwere nazo kuno. Pepala la mainchi 4x6 pa 300 dpi (madontho pa inchi) ndi mapikiseli 1800 ndi 1200, magawo 3 kwa 2, ndendende ngati Canon ndi Nikon zanuzo. Koma mukawonjezera 40 mbali zonse magawowo amasintha, chithunzi chimakhala 2128 ndi 1445. Makina pofuna kudzaza pepala amadula pamwamba ndi pansi, boda imatuluka yonenepa m'mbali, yowonda pamwamba. Komanso makina amakulitsa chithunzi pang'ono kuti m'mphepete musatsale mzere, amadya milimita imodzi kapena ziwiri, ndipo sadya mofanana mbali zonse. Boda ikakhala yopyapyala, kupendekeka kumaonekeratu, kasitomala n'kumati ife ndife tadula mokhota.

Pangani action ina yapadera ya zochapa. Muyambe ndi pepala la 1800 ndi 1200, chithunzi chilowe mkati mwake. Mukachichepetsa kufika 1680 ndi 1120 mutsala ndi 60 m'mbali ndi 40 pamwamba ndi pansi. Mukafuna boda yofanana ndendende, 60 kuzungulira, muyenera kudula chithunzi pang'ono chikhale 1680 ndi 1080, ndipo apo muzionetsetsa mitu ya anthu ndi duku la mayi. Mapikiseli 60 ndi mamilimita 5 papepala, imeneyo ndiye boda yoti makina sangaiwononge. Za foni zija zambiri ndi 4 kwa 3, muziike pazokha. Ndipo kasungidwe ka mitundu pa zonse kakhale sRGB, mukabweretsa Adobe RGB khungu la anthu limatuluka lotumbuluka.

Asisi a ku Area 47: Ine ndingowonjezera kuti pa zochapazo logo musaikepo. Anthu alipira, safuna dzina lanu pa tsamba lililonse la alubamu. Logo ndi ya zopita pa Facebook ndi pa status.

Madala a ku Area 25: Apo ndiye tisiyana asisi. Alubamu imayenda m'manja mwa achibale zaka ndi zaka, ntchito zanga zambiri za zinkhoswe zinabwera chifukwa wina anaona dzina pa chithunzi. Kalelo tinkadinda kumbuyo. Kalogo kakang'ono pa boda yoyerayo, osati pa chithunzi penipeni, sikapweteka munthu.

Wochapa zithunzi ku Old Town: Ikakhala pa boda isayandikire m'mphepete, makina aidya.

Wa ku Kawale: Ndatsatira njira ya madala, ndayesa pa zochepa kaye, zoimirira ndi zogona zosakaniza. Logo yakhazikika pakona pa zonse. Koma Batch ya Photoshop ikumaima pa chithunzi chilichonse kundifunsa za JPEG Options, mpaka ndidine OK.

Madala a ku Area 25: Chotsani Save As mu action, kumapeto kukhale Flatten Image basi. Musiye Batch, mupite File > Scripts > Image Processor. Musankhe foda, muchonge Save as JPEG, quality 10, Convert Profile to sRGB, pansi pa Run Action musankhe action yanu. Resize to Fit musachonge poti Fit Image ili kale mu action. Imapanga yokha foda yotchedwa JPEG, zoyambirira zanu siizikhudza.

Wa ku Kawale: Ikuyenda yokha tsopano, sikufunsanso. Zikomo kwambiri nonse. Ikamaliza ndipanga ya 1800 ndi 1200 ija.

Mnyamata wa makompyuta, Area 18: Potumiza kwa a komiti pa WhatsApp mutumize ngati Document, apo ayi izifinyanso, zilembo za logo ziphwanyika.

Wochapa zithunzi ku Old Town: Za alubamu mubwere nazo pa fulashi. Tiyamba tachapa ziwiri, choimirira ndi chogona, muone boda ndi maso anu tisanayendetse zonse.