Ndithandizeni: mlandu wachinsinsi m'nthano yanga ya Blantyre wam'tsogolo

Moni nonse alembi anzanga. Ndathedwa nzeru ndi nthano yomwe ndikulemba, ndiye ndati ndigogode kuno.

Nkhaniyi ikuchitika m'chaka cha 2176, zaka 300 chikhazikitsireni mishoni ya Blantyre mu 1876. Mayi wina wogulitsa makala ku Ndirande wasumiridwa ndi chithunzithunzi chake, chomwe chikuti chatopa kumutsatira popanda malipiro. Woweruza ndi kompyuta yokwiriridwa pansi pa phiri la Michiru. Lamulo lakumeneko likuti aliyense womva mlanduwo amaiwala dzina lake, choncho ngakhale loya wa mayiyo sauzidwa chomwe akuteteza. Mayiyu ndimamukonda kwambiri, ndipo sindikufuna kuti owerenga angomuseka, ndikufuna amve mantha ake.

Vuto ndi ili: ngati zonse ndi zachinsinsi, wowerenga adziwa bwanji zomwe zikuchitika m'bwalomo?

Ndinapita kukhothi lalikulu ku Chichiri kukamvera milandu, ndinaphunzira mayankhulidwe a maloya, koma kumeneko anthu amaloledwa kulowa. Ndinawerenganso gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994, lomwe limati woimbidwa mlandu aweruzidwe poyera, kuti ndione chomwe dziko langalo lataya. Kenako ndinayesa kuti kalaliki wa khothi ndiye azifotokoza, koma naye amaiwala dzina lake pa tsamba lachitatu. Anzanga aku Limbe nditawawerengera anasokonezeka.

Kodi ndisankhe chithunzithunzicho kukhala wofotokoza nkhani, poti chilibe dzina loti chiiwale? Kapena pali njira ina yomwe munagwiritsapo ntchito? Chonde ndiunikireni.