Kuchoka pa ukapitawo kufika poyang'anira ntchito yonse yomanga

Kapitawo:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Ndinayamba ngati mmisiri womanga ndipo tsopano ndine kapitawo. Mapulani ndimawerenga, za konkire ndi zitsulo ndimazidziwa, koma mpata wa woyang'anira ntchito yonse ukapezeka amalemba anthu a digiri, ena mwa iwo n'kumaphunzitsidwa ndi ine ndemwe. Kodi ndisiye ntchito n'kupita kuyunivesite, kapena pali njira ina?

Injiniya:
Achimwene, musasiye ntchito. Luso lomanga muli nalo kale, koma woyang'anira ntchito amayesedwa pa nkhani za nthawi, ndalama ndi kontirakiti, zomwe kapitawo sapatsidwa kawirikawiri. Mwachitsanzo, m'makontirakiti a FIDIC a 1999, omwe ndi mapangano a zomangamanga ogwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri, kontirakitala amene wachedwetsedwa ndi zinthu zosachokera kwa iye ayenera kulemba kalata yodziwitsa injiniya woyang'anira kontirakitiyo pasanathe masiku 28 chidziwireni za vutolo, ndipo akapanda kutero amataya ufulu wowonjezeredwa nthawi ngakhalenso ndalama. Khoma likhoza kukhala loongoka bwino, kampani n'kuluza chifukwa cha kalata imodzi yosalembedwa. Muyeneranso kudziwa kukonza ndondomeko ya ntchito, makamaka kuzindikira ntchito zimene zikachedwa ndi tsiku limodzi, tsiku lomaliza nyumba nalonso limasuntha.

Quantity surveyor (katswiri wowerengetsa zipangizo ndi mitengo yomangira):
Ndikugwirizana ndi a injiniya, ndingowonjezerapo za maphunziro. Yambani ndi dipuloma ya zomangamanga yophunzira madzulo kapena pa intaneti, koma musanalipire fizi fufuzani zinthu ziwiri: ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi boma la dziko lanu, komanso ngati dipulomayo ingadzakuchepetsereni zaka mukadzafuna digiri, yomwe nthawi zambiri imatenga zaka zitatu kapena zinayi. Ndi bwinonso kusankha maphunziro ovomerezedwa ndi mabungwe a akatswiri a zomangamanga a ku Britain monga CIOB kapena RICS. Phunziro la kuwerengetsa zipangizo ndi mitengo yake musalipeputse, pakuti anthu ambiri ochokera ku umisiri amapunthwa pamenepo.

Mwini kampani yomanga:
Ine ndisiyana nanu pang'ono. Dipuloma imakwanira pa ntchito zing'onozing'ono, koma zikalata zambiri zoitanira makampani kupikisana pa ntchito zikuluzikulu (ma tender) zimatchuliratu maphunziro a munthu wodzatsogolera ntchito, ndipo ine sindingalembepo dzina la munthu wopanda digiri ngakhale ndikumukhulupirira. Choncho dipuloma ikhale poyambira chabe. Ena amathamangira satifiketi ya PMP ya kayendetsedwe ka mapulojekiti, yomwe munthu wa maphunziro a sekondale okha amaloledwa kulemba mayeso ake akakhala kuti watsogolera mapulojekiti kwa miyezi 60, pamene wa digiri amafunika miyezi 36. Ndi yothandiza ndithu, koma siphunzitsa za zomangamanga ndipo silowa m'malo mwa digiri.

Kapitawo:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga podikira kuti sukulu iyambe, ndingachitepo chiyani?

Injiniya:
Pemphani abwana anu akupatseni udindo wolemba buku la zochitika za tsiku ndi tsiku pamalo omanga, kukonza ndondomeko ya mlungu uliwonse, ndi kusunga zotsatira za kuyeza konkire pa masiku 7 ndi 28. Phunzirani pulogalamu ya pakompyuta ya Excel poyamba, kenako Microsoft Project, yokonzera ndondomeko ya ntchito. Ntchito iliyonse imene mwatsogolera muziilemba, ndi kukula kwake ndi nthawi imene inatenga, ndipo abwana azisainira, chifukwa sukulu ndi mabungwe aja adzafuna umboni wolembedwa.