Nyama ya nkhanga kuchokera ku Mchinji kufika ku Mangochi isanawole

Funso la Wa pa Boma:
Akuluakulu, mwezi wa Okutobala tikukasaka nkhanga kuminda ya achibale ku Mchinji. Pobwerera ndi ulendo wa tsiku lathunthu, kudzera ku Salima. Nyamayi tiyinyamule bwanji kuti ifike bwino? Tikufunanso kusunga chikopa chimodzi ndi nthenga zake.

Che Mdala wa ku Namwera:
Achimwene, nyama imaonongekera kutchire komweko, ulendo wa pabasi umangomalizitsa. Nkhanga ikagwa, ngati ndinu Asilamu izingeni pomwepo, kenako itumbuleni ola lisanathe. Chotsani matumbo, mapapo ndi chithokomiro. Chithokomirocho ambiri amachiiwala, chonsecho mumakhala mbewu ndi tizirombo zomwe zimasasa msanga ndipo chidali chonse chimanunkha. Ndulu isaphulike. M'kati pukutani ndi nsalu youma, musatsuke ndi madzi a padambo. Ipanikeni kamtengo m'mimba kuti ikhale chotsegula, muipachike pamthunzi podutsa mphepo. Yofunda musaiike m'jumbo, imachita thukuta ndipo pofika madzulo khungu la pamimba lasanduka lobiriwira.

Mayi wa Chambo, Malembo:
Za ayezi mverani ife ansomba. Nyama yaiwisi imafuna kuzizira kosapitirira madigiri 4. Ayezi akhale wolemera mofanana ndi nyamayo, kilo pa kilo, ndipo chifukwa cha kutentha kwa Okutobala onjezani ayeziyo. Mabotolo a malita 2 oumitsa m'firiji amaposa ayezi wophwanya, chifukwa akamasungunuka madzi sakhudza nyama. Mabotolo pansi, nkhanga iliyonse m'pulasitiki yakeyake pakati, mabotolo ena pamwamba poti kuzizira kumatsika. Mipata tsekani ndi nyuzipepala. Cooler box musalole kondakitala aiponye pakaliyala kapena pafupi ndi injini, komanso musamaitsegule siteji iliyonse.

Che Mdala wa ku Namwera:
Kumudzi kopanda magetsi iwalani za ayezi, ingowambani. Ing'ambeni pamsana ikhale chadambalala, chekani mizere pachidali ndi pantchafu, pakani mchere, muiike pamwamba pa makala a nkhuni zouma usiku wonse mukutembenuza. Moto waukulu umaumitsa kunja kokha, pafupa pali pawisi, ndiye pamene mphutsi zimayambira. Nyamulani m'katoni yobowola.

Mlonda wa Nkhalango:
Chikopa sendani osasosola, palani mafuta onse, pakani mchere wosalala mbali ya m'kati (borax, mankhwala a ufa woyera, ngati mwampeza ndi wabwino koposa, amathamangitsa tizirombo), mutambasule pakati pa makatoni awiri. Chisalowe m'cooler box, nthenga zinganyowe ndi magazi.

Koma bambo, laisensi yosakira mbalame mwatenga? Imachokera ku Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, ndipo lamulo lake analikhwimitsa mu 2017. Pa rodibuloko apolisi akatsegula katoni adzafuna pepala limenelo, ndi la mfuti ngati mwanyamula mfuti.