Mapulojekiti atatu, magulu omwewo: ndikanene chiyani ku DEC?

Ofesala wa zamalonda ku khonsolo:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. M'boma lathu muno muli mapulojekiti atatu othandiza mabizinesi ang'onoang'ono, onse a ndalama za abwenzi akunja, kuwonjezera pa ntchito yathu ya boma. A DPD, mkulu wa mapulani ndi chitukuko ku khonsolo, andiuza kuti pa msonkhano ukubwerawu wa DEC, komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe m'boma muno, ndikafotokoze momwe tingagwirire ntchito limodzi. Nditaika pamodzi mindandanda ya anthu omwe aphunzitsidwa chaka chino, ndapeza kuti mayina ambiri ndi omwewo. Gulu lina la amayi opanga chiponde laphunzitsidwa kulemba business plan ndi mabungwe onse atatu, koma chiponde chawocho sichinalowe m'shopu yaikulu iliyonse chifukwa chilibe chizindikiro cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu. Kopaletivi ina yoyenga mafuta a mpendadzuwa inalandira makina, koma makinawo akadali m'mapulasitiki ake chifukwa amafuna magetsi amphamvu a three phase omwe pamalopo palibe. Pamene izi zili chonchi, madera a mafumu awiri omwe ali kutali ndi msewu wa tala sanaonepo bungwe ndi limodzi lomwe. Sindikufuna kukaima kutsogolo n'kumanena kuti tiyeni tizigwirizana, chifukwa mawu amenewo timawanena chaka chilichonse. Ndikufuna kanthu koti tikatuluka m'chipindamo kayambe kugwira ntchito.

Mkulu wa pulojekiti m'bungwe lina:
Bwana, ndiyankhe ngati mmodzi wa anthu omwe mukuwadandaulawo, ngakhale ndili boma lina. Ife sitibwereza maphunziro chifukwa chosaona. Pangano lomwe tinasaina ndi otipatsa ndalama limatiyesa pa chiwerengero cha anthu omwe taphunzitsa. Gulu lokhazikika kale, lokhala ndi komiti, akaunti ku banki komanso lili m'mbali mwa msewu, ndi lomwe aliyense amalithamangira chifukwa lipoti la miyezi itatu silidikira. Ndiye mukakawauza kuti siyani kuphunzitsa, adzavomera ndi mutu pa msonkhanopo koma sadzasiya, poti mphamvu yosintha zimenezo siili ndi ofesala wa m'bomamo. Ili ku Lilongwe, nthawi zina kunja kwenikweni.

Ofesala wa zamalonda ku khonsolo:
Ndiye kuti palibe chochita, mayi?

Mkulu wa pulojekiti m'bungwe lina:
Chilipo, koma muyenera kudziwa nthawi yogogoda. Pulojekiti iliyonse imalemba dongosolo la ntchito ndi bajeti ya chaka chotsatira, ndipo pa nthawi imeneyo kusuntha ndalama kuchoka ku maphunziro kupita ku chinthu china n'kotheka ngati pali chifukwa cholembedwa. Chifukwa champhamvu kwambiri ndi kalata yochokera ku khonsolo pamodzi ndi maminitsi a DEC. Ine ndikakhala ndi pepala limenelo ndimakwera nalo kumtunda molimba mtima. Vuto lina lomwe anthu saliona ndi kalendala. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 April kuyambira mu 2022, pamene mabungwe ambiri amayamba mu January, ena mu October. Inu mukamamaliza mapulani anu, ife tinatseka kale athu. Choncho funso loyamba kwa bungwe lililonse likhale lakuti: bajeti yanu ya chaka chamawa mumailemba mwezi uti?

Mlangizi wa makopaletivi:
Achimwene, ine ndikuona kuti mukuyambira pa mabungwe pomwe mumayenera kuyambira pa bizinesiyo. Tengani amayi a chiponde aja. Lembani zonse zomwe zili pakati pa iwo ndi shelefu ya shopu. Kodi analembetsa ku ofesi yolembetsa mabizinesi kapena ngati kopaletivi ku Unduna wa Zamalonda? Nambala ya msonkho (TPIN) ya MRA ali nayo? Nyumba yomwe amapangira chiponde ili ndi simenti pansi, madzi aukhondo, malo osungira mtedza olekana ndi malo opangira? Mtedza wawo anaupimitsapo chuku? Nanga mabotolo ndi malebulo amawagula kuti? A MBS akabwera amaona malo ndi kapangidwe, amatenga sampulo kukayeza, ndipo zonsezi zimafuna ndalama zomwe gulu la kumudzi silikhala nazo nthawi imodzi. A mafuta aja nawonso muwakumbutse kuti mafuta ophikira ogulitsa m'dziko muno amayenera kuthiridwa vitamini A, asadzadabwe magetsi akadzabwera.

Mukalemba masitepe amenewa, pitani nawo ku DEC muwafunse mmodzimmodzi kuti inu mutenga iti. Mudzaona kuti pa maphunziro manja akwera atatu, pa kukonza nyumba ndi kulipira zoyezetsa palibe dzanja. Simufunikanso kukalipira munthu, pepalalo lidzalankhula lokha.

Wogwira ntchito ku SACCO:
Ndionjezere sitepe ya ndalama pa mndandanda wa alangiziwo. Magulu amabwera kwa ife ndi masatifiketi a maphunziro odzaza envelopu, koma tikawafunsa mabuku a zogulitsa za miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, palibe. Satifiketi si chikole. Chomwe chimatithandiza ndi mbiri ya malonda ndi pangano la wogula. Ndalama zobwereketsa zinalipo ndithu: pulojekiti ya FInES ya World Bank, ya madola 86 miliyoni, inadutsira ku Reserve Bank kupita ku mabanki ndi mabungwe obwereketsa. Koma gulu lomwe silinalembetse ndipo lilibe mabuku silingaione ndalama yotere ngakhale itadutsa pakhomo pawo. Ngati bungwe lina likukakamira kuphunzitsa, lisiye kusonkhanitsa anthu mu holo, litume munthu azikhala ndi gululo mwezi ndi mwezi mpaka mabuku aoneke.

Chinanso, tiuzeni amene mukuwapatsa zaulere. Zimachitika kuti ife tabwereketsa gulu ndalama yogulira makina, patapita miyezi pang'ono gulu loyandikana nalo lalandira makina omwewo kwaulere. Athu aja amasiya kubweza, amati bwanji ife tikulipira.

Ofesala wa kalondolondo wa ntchito (M&E) ku khonsolo ina:
Zonse zanenedwazi sizingayende popanda kaundula mmodzi, ndipo kaundulayo akhale ku khonsolo, asakhale ku bungwe. Pulojekiti imatha, khonsolo imatsala. Tinaona tonse mu January 2025 thandizo la USAID litaimitsidwa mwadzidzidzi, maofesi anatsekedwa ndipo zambiri zomwe zinali m'makompyuta a mapulojekiti zinapita nawo limodzi. Kwathu kuno tinayamba ndi Excel wamba: dzina la bizinesi kapena gulu, mfumu yaikulu, komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), chomwe amapanga, analembetsa kapena ayi, analandira chiyani, kwa ndani, chaka chiti, ndipo chomwe chikuwatsekereza pano n'chiyani. Gawo lomalizali ndi lomwe lili ndi phindu. Anzathu a mtukula pakhomo ali ndi kaundula wawo wotchedwa UBR, ife a mabizinesi n'chifukwa chiyani tizingoyenda mumdima?

Koma samalani ndi manambala a ziphaso za unzika. Ndi omwe amathandiza kugwira mayina obwerezedwa, inde, koma pano kuli lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024. Mabungwe ena adzakana kukupatsani mndandanda ponena za lamuloli, ndipo sakulakwa. Njira yake ndi kuika mzere pa fomu yolembera anthu wopempha chilolezo choti uthenga wawo upite ku khonsolo. Poyambira mutha kulemba magulu okha popanda mayina a mamembala.

Mkulu wa pulojekiti m'bungwe lina:
Za kaundula ndikugwirizana nazo, koma ndinene chilungamo chomwe a boma simukonda kumva. Timapereka malipoti ku khonsolo, sitimva kanthu. Tikaitana ofesala kuti tiyendere limodzi magulu, funso loyamba limakhala la alawansi ndi mafuta a galimoto. Ndiye ena amafika poganiza kuti kugwirizana ndi khonsolo ndi ndalama ina yongowonjezera pa bajeti.

Ofesala wa zamalonda ku khonsolo:
Mayi, pamenepo simukunama, koma muonenso mbali yathu. Ndalama yoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku (ORT) yomwe ofesi ngati yanga imalandira siikwana kuyendera boma lonse, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndalama yomweyo ya mafuta inayamba kutifikitsa theka la ulendo. Njinga yamoto ilipo imodzi. Sindikuikira kumbuyo munthu wokana ntchito chifukwa cha alawansi, ayi, zimenezo n'zolakwika. Koma mabungwenso mwathandizira kuononga. Wina amapereka ndalama yoyendera yochuluka kuposa mnzake, ndiye anthu amathawa maphunziro a boma opanda kanthu n'kupita komwe kuli envelopu. Amayi ena amatseka bizinesi sabata yathunthu kukakhala mu holo.

Mwini fakitale yaing'ono, wa komiti ya amalonda m'boma:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano ndiloleni. Nonsenu mukukambirana za ife, koma pa DEC ife sitikhalapo. Mumakhala akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe. Mukanatifunsa tikanakuuzani kalekale kuti business plan tinaidziwa. Chomwe chikutipha ndi china. Layisensi ya khonsolo, msonkho wa pamsika, za MRA, za MBS, aliyense amabwera tsiku lake ndi risiti yake. Magetsi akazima tsiku lonse antchito timawalipirabe. Mabotolo ndi zotsekera zambiri zimachokera kunja, ndipo ndalama zakunja mukudziwa momwe zikuvutira.

Za alawansi musawaweruze msanga amayiwo. Munthu amene phindu lake pa tsiku ndi lochepa kuposa ndalama ya mu holo, apita ku holo. Koma mapeto ake ndi aja akuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: gulu limasanduka akatswiri a misonkhano, makasitomala n'kupita kwina.

Pempho langa ndi limodzi. Boma lili ndi chinthu chomwe wopereka thandizo aliyense alibe, ndicho msika. Sukulu zogonera, zipatala, ndende, khonsolo yomweyo, onsewa amagula chakudya, sopo, mayunifolomu, madesiki. Lamulo la 2020 loti mabizinesi ang'onoang'ono azipatsidwa gawo pa zogula za boma lilipo. Mabungwe atithandize kufika pa muyezo, boma ligule ndipo lilipire pa nthawi yake. Wamng'ono ukamuchedwetsera malipiro miyezi ingapo, mpamba wake wonse wathera pomwepo.

Mlangizi wa makopaletivi:
Bambo anena mfundo yomwe ndimaifuna. Onani momwe pulojekiti ya ulimi wa malonda ya AGCOM inakonzedwera: gulu la alimi silimangolandira thandizo, limayenera kukhala ndi wogula wogwirizana naye komanso kusonkha gawo lake. Mfundo imeneyo mutha kuibwereka pa boma lanu ngakhale pa ndalama zochepa. Makina asaperekedwe popanda mayankho a mafunso atatu: magetsi alipo, wogula alipo, wokonza akaonongeka alipo? Makina a mafuta aja akanadutsa pa mafunso amenewa sakanagona m'mapulasitiki.

Wopuma ntchito ku unduna:
Ana anga, nkhaniyi si yatsopano. Mu 2005 maiko anasaina ku Paris kuti thandizo liziyenda m'mapulani a dziko lolandira, ndipo Malawi inali nawo. Cashgate itaphulika mu 2013 abwenzi anasiya kuika ndalama mu bajeti ya boma, ambiri n'kuyamba kudutsira m'mabungwe ndi mapulojekiti awoawo. Kuchuluka kwa mapulojekiti komwe mukukuonaku mbali ina kunachokera pamenepo, ndipo kukhulupirirana sikubwerera ndi kalata imodzi. Kafukufuku wa FinScope wa 2019 anapeza mabizinesi ang'onoang'ono pafupifupi 1.6 miliyoni m'dziko muno, ndipo pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse anali osalembetsa. Ndiye mabungwe atatu akamalimbirana magulu ochepa omwewo, dziwani kuti kunjaku kuli khamu lomwe silinafikiridwe.

Iwe mwana wanga wa ku khonsolo, usapemphe ngati wopempha chifundo. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linapereka udindo wokonza chitukuko cha boma ku khonsolo. Bungwe lililonse limalowera ku DEC ndipo limayenera kugwira ntchito mogwirizana ndi pulani ya chitukuko cha boma lanu (DDP), yomwenso imatsamira pa masomphenya a Malawi 2063. Tsegula mapangano (ma MoU) omwe mabungwewo anasaina ndi khonsolo uwerenge. Koma usakhazikitse komiti yatsopano yofuna nkhomaliro ndi alawansi, idzafa pulojekiti yoilipirira ikadzatha. Gwiritsa ntchito komiti yaing'ono ya DEC yomwe ilipo kale yoona za malonda, muzikumana mu ofesi ya khonsolo maola awiri basi.

Ofesala wa zamalonda ku khonsolo:
Zikomo nonse, zikomo bambo. Ndakambirana ndi a DPD ndipo tagwirizana chonchi. Sindikapanga zoonetsa zambiri, ndikatenga nkhani ziwiri zokha, ya chiponde ndi ya mafuta, iliyonse ndi masitepe ake monga ananenera alangizi, ndipo bungwe lililonse likalembe dzina lake pa sitepe yomwe litenge. Tikapempha mwezi womwe aliyense amalemba bajeti kuti kalata ya khonsolo iwapeze nthawi isanathe. Kaundula tiyamba ndi magulu okha. A DPD avomeranso kuti anthu awiri a komiti ya amalonda akakhale nawo pa msonkhanowo, mmodzi akhale mayi. Ife a boma tikalonjeza zathu poyera: kuyankha lipoti lililonse, kuthandiza magulu kulembetsa pa intaneti kuchokera mu ofesi yathu, kulembera a ESCOM za thiransifoma ya kopaletivi ija, komanso kukhala pansi ndi ofesi yogula katundu ya khonsolo tione zomwe zingagulidwe konkuno.

Chomwe chandikanika ndi cha ndalama zoyendera. Ndinaimbira mabungwe awiri, lina lati mlingo wawo unaikidwa ku likulu ndipo sangausinthe.

Mkulu wa pulojekiti m'bungwe lina:
Chimenecho musachiike pa DEC yoyamba, chidzadya nthawi yonse ndipo zina zija sizidzakambidwa. Yambani mwapempha kuti aliyense alembe mlingo wake papepala, zidziwike kaye. Ndipo maphunziro akachepa, kulimbirana kwa maenvelopu kudzachepanso. Maminitsi akatuluka munditumizireko, ndikufuna ndikawaonetse a DPD a kuno.

Ofesala wa M&E ku khonsolo ina:
Fomu ya Excel ija ndakutumizirani ku inbox, bwana. Gawo la ziphaso za unzika ndalichotsamo, mudzalibwezeretse mukakonza za chilolezo.