Ndi chimbale chiti chomwe mumachisiya chizilira mpaka kutha?

Telala wa ku Kamwala

Abale, ndabwera ndi pempho. Ine ndimasoka kuseri kwa msika wa Kamwala muno mu Lusaka, ndipo nyengo ino ya mayunifolomu ndimatsegula kusanache, kutseka kutada. Kasipika kanga kamakhala pashelefu pamodzi ndi maulusi, foni m'thumba. Tsono munthu ukamasoka kolala, manja onse ali pansalu, phazi pachopondera, maso pasingano. Nyimbo yoipa ikalowa ulibe dzanja loidumphira, umangoipirira mpaka ithe. Mphwanga anandidzazira memori khadi ndi zosakaniza za ma DJ, koma zanditopetsa. Yabwino imodzi, zaphokoso zitatu, kenako mnyamata akukuwa dzina lake ndi nambala ya foni pakati pa kolasi.

Chimene ndikufuna ndi zimbale zathunthu, zoti ukayatsa uzingozisiya. Mtundu sindisankha. Kuti mudziwe kumene khutu langa lili, nazi zimene zikulira kuno masiku ano.

M'mawa ndi Tuku Music ya Oliver Mtukudzi, ya 1999 ija. Chishona ndimangotolako apa ndi apo, koma magitala ake amalukana osapikisana, ndipo liwiro lake ndi lomwe phazi langa limafuna posoka mzere wautali wa siketi. Dzuwa likakwera ndimaika Wasalala ya Madalitso Band, anyamata awiri a ku Lilongwe. Wina ali ndi gitala ya zingwe zinayi uku akumenya ng'oma ndi chidendene, wina babatoni, chibesi cha chingwe chimodzi chija chimene woimba amachita kuchikhalira. Anthu awiri okha, koma mayi wina wobweretsa zipi anaima pakhomo n'kufunsa ngati kuseri kuli ukwati.

Masana, nsima itakhazikika m'mimba, ndi Don Williams basi. Musandiseke. Bambo anga ku Katete ankamumvera pa kaseti mpaka wailesi inatafuna tepi, iwo n'kuikulunganso ndi bolopeni, nyimbo n'kupitirira ili ndi chibwibwi pamalo potafunidwapo. Chakumadzulo PK Chishala. Common Man ndimaiika dala kasitomala akayamba kunenerera mtengo, kuti adziwe kuti umphawi si wake yekha.

Kumene sindinalowe bwino ndi Zamrock, rock yakale ya kuno ku Zambia imene ana ayamba kuitchulatchulayi, amapiano ndi jazi. Rumba ndimaikonda koma poyambira sindipadziwa. Ndiuzeni chimbale, osati nyimbo imodzi, ndipo munene chifukwa chake.

Mdala wa ku Matero

A telala, Zamrock imene mukuti ana ayamba kuitchulayo ife tinaivina tili ndi tsitsi lodzaza mutu ndi mabuluku otambalala kumapazi. M'zaka za m'ma 1970 a Kaunda analamula kuti pa nyimbo 100 zilizonse za pa wailesi, 95 zikhale za kuno kwathu. Mabandi anaphuka paliponse, makamaka ku migodi, ndipo mbale zinkadindidwa konkuno, kwa Teal ku Ndola. Mkuwa utagwa mtengo anthu anasowa ndalama zogulira mbale, kenako matenda aja a m'ma 1980 anatitengera oimba ambiri. N'chifukwa chake mwakula osazimva.

Pa ntchito yanuyo yambani ndi Africa ya Amanaz, ya 1975, anyamata a ku Kitwe. Gitala yake imalira ngati sipika yang'ambika, koma ng'oma sizithamanga, n'chimbale chofatsa. Khala My Friend ikafika mudzapeza mwaimitsa makina osadziwa. Dziwaninso kuti chimbalechi chilipo pawiri. Nyimbo ndi zomwezo, koma china mawu ake ndi ouma, china mawu amachita kubwerera. Ine ndimakonda choumacho, woimba amamveka ali pafupi nawe.

Chachiwiri chikhale Lazy Bones!! ya WITCH, ya 1975 yomweyo. Jagari Chanda, woimba wawo, anabwereranso pa siteji patapita zaka zambiri. Mu 2023 anatulutsa Zango, yojambulidwa ku DB Studios muno mu Lusaka, kumene ankajambulira ali anyamata. Mawu akalamba, koma msala uja ulipobe.

Koma 45,000 Volts ya Ngozi Family, ya 1977, musaiike mukusoka diresi la mkwatibwi. Paul Ngozi ankachita kulimbana nayo gitala, pa siteji ankafika poiimba ndi mano. Mudzakhotetsa mpendero, eni ukwati adzakutsatani mpaka kwanu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mbale zimenezi tinazitaya tokha. Makaseti atabwera, zanga ana ankaponyerana pabwalo, zina zinapindika ndi dzuwa padenga la nkhuku. Lero amene anazitoleranso n'kuzidinda mwatsopano ndi a Now-Again a ku Los Angeles, ndipo imodzi kuti ifike kuno mtengo wake uposa thumba la ufa. Ingomverani pa intaneti, mwana wanga.

Chikondi_Kabwata

Agogo a ku Matero, ulemu wanu, koma nafenso timveni. Ambirife Paul Ngozi tinamudziwa mu 2024, Tyler, the Creator atatenga Nizakupanga Ngozi n'kuilowetsa mu Noid. Tinadzidzimuka kumva Chinyanja pa chimbale cha ku America, tinayamba kufufuza, n'kupeza kuti mwini nyimbo anamwalira kalekale mu 1989. Kunyumba palibe anatitchulirapo dzinalo. Mpaka mlendo ndiye atiuze za agogo athu?

Amalume a telala, ine ndikupatsani As Above, So Below ya Sampa the Great, ya 2022. Anabwerera kwawo kuno kudzaijambula ndi Mag44, ndipo mukamvetsera Never Forget, imene muli Chef 187 ndi Tio Nason, mudzamva ng'oma zathu ndi Zamrock zili pansi pa rap. Ngati rap ikulemerani m'mawa, Mizu ya Pompi ndi gospel yoti ngakhale wosapita ku tchalitchi amaimvera mpaka kumapeto.

Za amapiano ndinene zoona, pa kasipika kanuko musadzivute. Moyo wa nyimbo zimenezo uli mu log drum, besi yakuya ija imene umaimva m'chifuwa, ndipo kasipika kakang'ono sikaitulutsa. Mudzangomva maseche okhaokha n'kumadabwa kuti ana akuvina chiyani. Mukadzagula sipika ya mphamvu, KOA II ya Kabza De Small ndi yaitali ndithu, idzakusungani nthawi.

Jazi yambani ndi Mannenberg ya Abdullah Ibrahim, yojambulidwa ku Cape Town mu 1974 akutchedwabe Dollar Brand. Piyano imangobwereza kanthu kamodzi, masakisofoni akulandizana pamwamba. Ine ndimawerengera mayeso.

NaBanda wa ku Chilenje

Achimwene, mwafika ku Lilongwe n'kubwerera osaona Chileka, kwawo kwa Matafale? Kuimba 1 ndi Kuimba 2 za Evison Matafale, zimenezo ndiye zimbale. Reggae ya m'chinenero chathu, mawu ake olasa, oti wandale akamva amasuntha pampando. Anamwalira mu November 2001 ali m'manja mwa apolisi, abale ake a Black Missionaries n'kupitiriza, chimbale chilichonse dzina lomwelo, kusintha nambala yokha. Ine ndimapita ku Chipata kukaoda katundu, ndipo basi ikangonyamuka pa Intercity ndimatseka makutu ndi Matafale, chifukwa mafilimu amene amaika m'mabasi aja sindingawathe. Pofika pa mlatho wa Luangwa ndimakhala ndalowa kwa Lucius Banda, Son of a Poor Man, chimbale chake choyamba. Chimwalirireni iye mu June 2024 ndimachimva mosiyana.

Wa kwathu kum'mawa musamuiwale, Angela Nyirenda, Malo Abwino. Ndipo ngati mumakonda Mtukudzi, wolokani msewu mumve sungura, Simbaradzo ya Alick Macheso. Kumeneko besi ndiye imatsogolera, magitala amatsatira. Bambo ake anali ochokera ku Malawi, musadabwe mukamumva apa ndi apo akuponyamo Chichewa.

Koma pali pamene sindikugwirizana nanu. Chimbale chopanda nyimbo yofooka kulibe, ngakhale za Matafale zomwe. Ndipo nyimbo yofookayo ili ndi ntchito yake. Ndiyo nthawi yodzuka pampando, kukasita zimene mwasoka, kudula nsalu ina, kuwongola msana. Ana a masiku ano amadumpha nyimbo isanafike n'pakati pomwe, ndiye sadziwa kuti ina imakukana sabata yoyamba, mwezi ukatha n'kukhala imene ukuing'ung'udza posamba. Pa Malo Abwino ine imene ndinkaida ndi imene ndimaikonda kwambiri pano.

Don Williams masana ndiye ayi. Munthu wogwira singano, mimba yokhuta, kutentha kwa mu October, n'kuwonjezerapo mawu ogonetsa aja? Mudzadzisoka chala.

Kondakitala wakale

Bwana telala, vuto lanu mankhwala ake ndi Franco ndi TPOK Jazz. Kumeneko nyimbo imodzi imapitirira mphindi 10, zodumpha palibe. Yambani ndi Mario ya 1985, Franco akulankhula, Madilu System akuimba, nkhani ya mnyamata wophunzira amene safuna ntchito, akungodyera mayi wolemera. Lingala simufunika kuidziwa, kunyoza kumamveka m'mawu momwemo. Ife pa basi ya ku Chelstone tinkaiika pa Kulima Tower, ndipo kukakhala kopanda jamu inkatha tili kutali ndithu pa Great East. Franco naye anapita mu 1989, chaka chimodzi ndi Paul Ngozi. Chaka choipa kwa magitala.

Telala wa ku Kamwala

Zikomo nonse, mwandilemeretsa.

Bambo a ku Matero, Africa ndaimvera, ya mawu oumayo. Makina sindinaimitse, koma mnyamata wa shopu yoyandikana nayo, wokonza mafoni, anabwera ali ndi sikuludilaiva m'manja kudzafunsa kuti azungu amenewa ndi a kuti. Nditamuuza kuti ndi a ku Kitwe anakana mpaka anafufuza yekha pa foni ya kasitomala imene ankakonza. Tsopano akuiliza iye mbali yake, ine mbali yanga, nyimbo zosiyana, khoma lake la malata. 45,000 Volts ndaisungira Loweruka posoka maovolosi a amakanika, amenewo mzere ukakhota pang'ono sadandaula.

Mwana wanga Chikondi, wanena zoona za sipika. Ndinayesa Kabza, ndinangomva maseche aja. Mannenberg yokha ndiye yakhazikika, yalanda malo a m'mawa kwa Mtukudzi masiku ena. Ya Sampa ndikuizolowera, mawu amathamanga kuposa khutu langa, koma ng'omazo ndazizindikira.

Alongo anga NaBanda, za nyimbo yofooka mwandigonjetsa theka. N'zoona kuti ina imafuna nthawi. Koma pali kusiyana pakati pa nyimbo yofooka imene woimba anaiika ndi mtima wake, ndi ija yongodzazira chimbale kuti chikwane. Yoyambayo ndingasite nayo malaya, yachiwiriyo imandipsetsa mtima ndipo ndimapsereza kolala. Za Don Williams ndiye sitimvana, zala zanga zonse khumi zilipo.

Chimene palibe wanditchulira ndi kalindula ya mabandi. Pa intaneti Amayenge, Serenje Kalindula, Masasu ndi Shalawambe ndimangopeza nyimbo imodziimodzi, zina zodukira pakati, zina dzina lolakwika. Amene ali ndi makaseti a Amayenge a nthawi ya Chris Chali andiuze, ndibwera ndekha kudzatenga ndipo ndidzabweza. Wailesi ya kaseti ndili nayo, lamba wake yekha ndiye wofunika kusintha.