Check engine sikuzima pa Sienta yanga, ndipo mafuta akutha msanga

Wa Sienta ku Area 25

Moni nonse akuluakulu. Ndabwera ndi nkhani ya galimoto yanga, mwina pano alipo amene angandiunikire ndisanatayenso ndalama zina.

Ndili ndi Toyota Sienta ya 2010, injini ya 1NZ ya malita 1.5. Ndinaigula kwa munthu amene anaiitanitsa ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam. Galimoto imeneyi ndiyo munda wanga: ndimanyamula anthu kuchokera ku Area 25 kupita m'tauni tsiku lililonse kupatula Lamlungu, ndipo fizi ya ana imachokera momwemo.

Mu Epulo inayamba kutentha ndikakhala pa mzere wa magalimoto madzulo. Ndinapita nayo ku garaja ina, anatsuka radiyeta, kenako anachotsa thermostat n'kundipatsa m'manja. Anati chimenechi ndi cha ku Japan kozizira, kuno kwathu chimangotsekereza madzi. Kutentha kuja kunathadi, ndipo ndinabwerera kunyumba ndili wokondwa.

Koma chiyambireni kuzizira kwa Juni zinthu zasintha. Kachizindikiro kobiriwira kosonyeza kuti injini ikadali yozizira kale kankazima ndisanadutse pa msika wa Nsungwi. Pano ndimafika ku Kanengo kakuyakabe, ndipo m'mawa wina kanazima kenako n'kuyakanso ndikuthamanga pa M1. Mafuta nawo ndiye asanduka mutu. Ndimalemba m'kabuku tsiku ndi tsiku: kale lita imodzi inkandiyendetsa makilomita pafupifupi 12, tsopano ndi 8 kapena 9. Masabata atatu apitawo getsi la check engine layaka, ndipo galimoto ikadzaza anthu imanyamuka mwaulesi.

Anzanga a pa siteji aliyense ali ndi zake. Wina akuti ndimate tepi yakuda pa getsilo poti galimoto ikuyenda. Wina anandichotsera waya wa batire kwa mphindi zochepa, getsi linazima, koma patapita masiku awiri linabweranso. Winanso akuti ndisinthe mapulagi, makoilo ndi pampu ya mafuta zonse pamodzi. Ndalama yogulira zonsezi mongoyerekeza ndilibe. Kodi getsi limeneli limayatsidwa ndi chiyani kwenikweni? Nanga thermostat ija ikukhudzana nazo?

Funso lina laling'ono: ndikangoliza galimoto pamamveka mawu a mayi akulankhula Chijapani, ndipo wailesi siipitirira pa 90. Kodi mayiyo akundichenjeza za vuto lomweli?

Makaniko wa ku Biwi

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanagule chilichonse, ndipo kabuku kanu ka mafutako kathandiza kwambiri. Ndikanakonda aliyense wobwera ku garaja atamabwera ndi manambala otere.

Tiyambe ndi mmene injini yanuyo imadyera. Galimoto zakale za kabureta mafuta ankangokokedwa ndi mpweya. Sienta yanu ili ndi kompyuta yaing'ono, imene timaitcha ECU, ndipo ndi imeneyo imene imalamula ma injector, tizipangizo topopera petulo mu injini, kuti atseguke nthawi yaitali bwanji komanso kuti pulagi iliyonse ithetheke liti. Koma kompyutayo ilibe maso. Imadalira masensa kuti aiuze zimene zikuchitika: imodzi imayeza mpweya wolowa, ina kutentha kwa madzi, ina kuzungulira kwa crankshaft, ina mmene mwapondera moto, ndipo ina ili pa ekizozi kununkhiza utsi wotuluka. Injini ya petulo ikatentha bwino, kompyuta imafuna magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Sensa ya pa ekizozi ija ndi imene imaiuza ngati yaphonya, ndipo iyo imakonza kangapo pa sekondi iliyonse.

Tsopano thermostat. Injini ikakhala yozizira petulo sasanduka nthunzi bwino, wina amakakamira m'mbali mwa njira zake, ndiye kompyuta imathira mafuta owonjezera dala mpaka injini itenthe. Ndi ntchito imene choke inkagwira pa galimoto za makolo athu. Thermostat ndi chitseko chimene chimatsekera madzi mu injini kuti atenthe msanga, ndipo pa 1NZ chimayamba kutseguka madzi akafika madigiri pafupifupi 82. Mukachichotsa, madzi amangozungulira mu radiyeta kuyambira pomwe mwaliza. Masana pa mzere wa m'tauni simungaone kusiyana kwenikweni, koma m'mawa wa Juni pa M1, mphepo yozizira ikuomba radiyeta, injini siifika pa kutentha kwake. Kompyuta imaona ngati mukadali pa geti la kunyumba ndipo imapitiriza kuthira mafuta ambiri. Kachizindikiro kobiriwira kamene kakuyakanso muli pa liwiro kakukuuzani zoona ndithu.

Ndipo sizithera pa mafuta okha. Petulo wochuluka amatsuka oyilo m'mbali mwa masilinda, wina amatsikira mu sampu n'kusungunula oyilo, mapulagi amada ndi mwaye. Injini imakalamba msanga mwakachetechete. Nkhani yoti thermostat ndi ya kumaiko ozizira imandipweteka mtima, chifukwa galimoto za Toyota zogulitsidwa zatsopano kuno ku Africa nazonso zimabwera nayo.

Za getsi la check engine, sindinganene chimene chaliyatsa ndisanaike makina, ndipo aliyense wokuuzani mongoyang'ana akungolota. Kompyuta ikaona kuti sensa ina ikupereka nambala yosamveka, kapena kuti yayesetsa kukonza kasakanizidwe ka mafuta mpaka yafika pa malire, imasunga nambala ya vutolo n'kuyatsa getsi. Pansi pa chiwongolero pali soketi ya mabowo 16. Pamenepo timalumikiza makina a diagnosis n'kuwerenga. Kuchotsa waya wa batire kumangofufuta zimene kompyuta inasunga, vuto limakhala lilipobe, ndiye ikaliona kachiwiri imayatsanso. Choipa n'chakuti mwafufuta umboni umene makaniko akanagwiritsa ntchito.

Mukafuna ndiganizire, ulesi ponyamukawo ndi fumbi la ku Area 25 zikundipangitsa kukayikira sensa ya mpweya, imene timaitcha MAF. Ili pa paipi yochokera ku air cleaner, ndipo mkati mwake muli kawaya kopyapyala kamene kamatenthedwa ndi magetsi. Mpweya wodutsa umakaziziritsa, ndipo kompyuta imadziwira pamenepo kuchuluka kwa mpweya. Kawayako kakakutidwa ndi fumbi kamanena mpweya wochepa kuposa umene walowadi, ndiye kompyuta imathira mafuta osakwanira ndipo galimoto imasowa mphamvu. Koma uku n'kuganiza chabe. Pitani kwa munthu amene ali ndi makina, ndipo musangomulola kuwerenga nambala n'kufufuta. Muuzeni akuonetseni kutentha kwa madzi pa sikirini galimoto ikuyenda, komanso manambala a fuel trim, amene amasonyeza mmene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsera mafuta pofuna kukonza kasakanizidwe kake.

Chomaliza: chimene chinkatenthetsa galimoto mu Epulo chiyenera kudziwika. Mwina inali radiyeta yotsekeka ndipo kutsuka kuja kunathetsa, mwina thermostat yakaleyo inakakamira yotseka. Koma aonenso fani ngati ikuzungulira pa nthawi yake, ndi chitsekero cha radiyeta ngati chikugwira mphamvu.

Dalaivala wa Probox, Kawale

Amakaniko, ulemu wanu, koma ine Probox yanga ilibe thermostat chaka chachitatu tsopano ndipo ndimapita nayo ku Salima mu Okutobala osatentha. Ambiri timachotsa chifukwa ikakakamira uli pakati pa msewu, gasket imapsa ndipo ndalama zake si zamasewera. Bola kuwononga mafuta pang'ono kusiyana ndi kupha injini.

Makaniko wa ku Biwi

Mantha anuwo ndi omveka akulu, ndaonapo ma cylinder head opindika chifukwa cha thermostat yokakamira. Koma mankhwala ake ndi kuika yatsopano yabwino ndi kuthira coolant weniweni, osati madzi a pa mpope okha amene amachititsa dzimbiri mpaka chitsekocho kuuma. Yesani kulemba mafuta anu kwa mwezi umodzi monga akuchitira achimwenewa, muone ngati ndi pang'onodi.

Mayi a ku Area 47

Bambo a Sienta, ine si makaniko, koma ziwiri mwa zimene mwafunsazo ndinadutsamo ndi Vitz yanga.

Mayi wolankhula Chijapaniyo asakudetseni nkhawa. Ndi kabokosi ka ETC, kolipirira misewu ya ku Japan popanda kuima pa geti. Mukaliza galimoto kamafufuza khadi lake, ndipo kakalisowa kamanena kuti khadi silinalowetsedwe. Basi. Yang'anani pansi pa dashibodi kumanja kapena mu kabati ka kutsogolo, mupeza kabokosi kakang'ono kokhala ndi mpata wolowetsa khadi. Pa mageti olipirira msewu a ku Kalinyeke kapena ku Chingeni sikagwira ntchito, ndiye wamagetsi a galimoto akhoza kukachotsa. Ine ndinakhala miyezi iwiri ndikuganiza kuti kakunena za mabuleki. Wailesi nayo si yowonongeka: ku Japan mawailesi a FM a galimoto za zaka zimenezo amayambira pa 76 kulekezera pa 90, pomwe kuno nyumba zambiri zoulutsira mawu zili pamwamba pa 90. Pali kachipangizo kotchedwa band expander kamene amalumikiza pa waya wa eriyo. Mumamva bwinobwino, kungoti nambala yooneka pa wailesi siigwirizana ndi yeniyeni.

Koma chimene chandilembetsa ndi nkhani ya tepi yakuda ija. Chonde musamate. Nthawi ya kusowa kwa mafuta ija, nditagona pa mzere masiku awiri osapeza kanthu, ndinagula petulo wa m'chigubu m'mbali mwa msewu. Sindinayende mtunda wautali, galimoto inayamba kunjenjemera ndipo check engine sinangoyaka, inkaphethira. Mwana wa achimwene anga amene anaphunzira za magalimoto anandiuza pa foni kuti ndiime pomwepo. Anandifotokozera kuti getsi likangoyaka osaphethira, galimoto mukhoza kuyenda nayo mosamala mpaka ku garaja. Koma likamaphethira ndiye kuti silinda ina sikuwotcha mafuta, petulo wosapsa akupita mu ekizozi, ndipo amakapsera mu catalytic converter, chipangizo cha pa ekizozi choyeretsa utsi, mpaka kusungunula za mkati mwake. Anakhuthula thanki yonse, ndipo zimene zinatuluka zinali ndi madzi pansi komanso fungo la parafini. Ndikanakhala kuti ndinamata tepi, sindikanaona kuphethirako.

Getsi limenelo ndi limodzi koma limanena mavuto ambirimbiri. Mukalizolowera lili loyaka, tsiku limene vuto lalikulu lidzabwere simudzadziwa, ndipo inu mumanyamula ana a eni ake.

Wa Sienta ku Area 25

Zikomo kwambiri nonse, makamaka amakaniko ndi amayi. Ndabwera kudzanena mmene zayendera.

Loweruka m'mawa ndinapita kwa mnyamata wina amene ali ndi makina. Nambala imene inatuluka ndi P0171, ndipo anandifotokozera kuti ikutanthauza kuti kompyuta ikuona kuti mafuta akuchepa poyerekeza ndi mpweya umene ukulowa. Ndinadabwa, chifukwa ine ndimadandaula kuti mafuta akutha. Iye anati ndi nkhani ziwiri zosiyana zimene zakumana pa galimoto imodzi. Titatsegula bokosi la air cleaner tinapeza kuti fyuluta inang'ambika pakona, ndipo kachingwe kamodzi kotsekera bokosilo kanathyoka, moti fumbi limangodutsa. Sensa ya MAF inali yofiira ndi dothi. Anaipopera mankhwala ake otsukira osaikhudza ndi chala, tinaisiya kuti iume, n'kuika fyuluta yatsopano. Fuel trim imene inali pamwamba pa 30 inatsika kufika pa 5 titayenda pang'ono.

Kenako ndinachita zimene munandiuza, amakaniko. Ndinamupempha akwere nane ndi makina ake mpaka ku Lumbadzi. Ulendo wonse madzi sanapitirire madigiri 60. Nditaona ndi maso anga nambala imeneyo sindinafunenso kutsutsana ndi munthu. Tinagula thermostat yatsopano ku Malangalanga, tinathira coolant, ndipo tinadikira galimoto ili chiimire mpaka fani inazungulira yokha n'kuzimanso. Chitsekero cha radiyeta chinali ndi labala wosweka, nachonso tasintha.

Lero ndi tsiku lachisanu. Kachizindikiro kobiriwira kakuzima ndisanafike pa Nsungwi monga kale, check engine sinayakenso, ndipo m'kabuku mukuoneka makilomita 11 pa lita. Mapulagi anati ndi akuda koma akadali ndi moyo, ndidzasintha mwezi ukatha. Kabokosi ka ETC ndakapeza pansi pa chiwongolero kumanja, monga munanenera amayi, ndipo wamagetsi adzakachotsa Lachitatu pomwe azidzaika band expander.